Masabata 12 pa bizinesi yothandiza anthu: momwe wophunzira angagwirire ntchito yoti isafe iye akachoka

Bizinesi yothandiza anthu, ija m'makalasi ambiri amangoti social enterprise, imasunga mabuku awiri. Loyamba ndi la ndalama: zalowa zingati, zatuluka zingati, malipiro a mwezi uno apezeka kapena ayi. Lachiwiri ndi la anthu: kodi aja tinati tiwathandiza zinthu zawasinthiradi? Wophunzira wobwera pa atachimenti kapena pa pulojekiti ya semesita amafika mtima uli pa buku lachiwirilo, loyambalo n'kumaliona ngati lochititsa manyazi. Chonsecho eni bizinesi amasowa tulo chifukwa cha loyambalo. Chipatala cha maso cha Aravind, chomwe Dr Govindappa Venkataswamy anatsegula ku Madurai m'dziko la India mu 1976 ndi mabedi 11 okha, chimachita maopaleshoni ambirimbiri kwaulere kapena pamtengo wotsika kwambiri. Chimakwanitsa chifukwa odwala olipira amanyamula osalipira, komanso ntchito inakonzedwa mwakuti dokotala mmodzi amachita maopaleshoni ambiri pa tsiku. Chifundo chilipo, koma chaima pa masamu.

Kwa inu vuto lalikulu ndi nthawi. Muli ndi masabata 8, mwina 12, ndipo pakati pake pali mayeso ndi tchuthi. Mlendo ndi mame. Choncho cholinga chanu chikhale chaching'ono: kusiya chinthu chimodzi chomalizidwa, choti munthu wotsala pamalopo azichigwiritsa ntchito inu kulibe.

Pepala limodzi musanayambe

Musavomere ntchito yoti "mudzatithandize pa malonda" kapena "mudzaoneko mmene tingakulire". Mawu otere amatha ndi wophunzira amene akujambula zithunzi zoika pa Facebook kwa miyezi itatu. Khalani pansi ndi mwini bizinesi mpaka ntchitoyo isanduke funso limodzi loti lingayankhidwe, monga ili: n'chifukwa chiyani makasitomala ogula pangongole amasiya kulipira akafika mwezi wachitatu? Funsolo mulilembe pamwamba pa pepala. Pansi pake lembani chimene mudzapereke pomaliza, dzina la munthu mmodzi yekha amene azikuyang'anirani, maola amene muzigwira pa sabata, ndiponso masiku amene simudzapezeka chifukwa cha mayeso. Lembaninso amene azilipira thiransipoti ndi mayunitsi, mwini wake wa zimene mudzapeze, ndi zinthu zimene simukuloledwa kuika mu lipoti la kusukulu. Asaine anthu atatu: inu, woyang'anira wanu, ndi lekichala.

Siginecha yachitatuyo ndi yofunika. Wophunzira amakhala ndi mabwana atatu osagwirizana: lekichala akufuna lipoti lodzaza ndi mfundo za m'mabuku, mwini bizinesi akufuna malonda akwere, woyang'anira ntchito za kumadera akungofuna manja ena onyamula makatoni. Zikapanda kukambidwa pachiyambi, zimadzaphulika sabata yachisanu ndi chimodzi, nthawi yokonza itatha.

Dziwaninso kuti bizinesiyo inalembetsedwa ngati chiyani. Ku United Kingdom kuyambira 2005 kuli mtundu wa kampani wotchedwa Community Interest Company, womwe katundu wake amamangidwa ndi lamulo kuti azitumikira anthu. M'maiko ambiri lamulo lotere kulibe, ndiye mupeza kampani wamba, kopaletivi, kapena bungwe lomwe si la boma limene lili ndi nthambi yochita malonda. Zimenezi zimakuuzani amene ali ndi mawu omaliza ndi kumene phindu limapita. Funsaninso, mwaulemu, kuti pa ndalama zonse za chaka chatha, gawo lochokera m'malonda linali lotani ndipo la opereka thandizo linali lotani.

Ola lililonse limene woyang'anira wakhala nanu ndi ola limene sanagulitse. Panganani mphindi 30 pa sabata, tsiku lomwelomwelo, ndipo mafunso anu muziwasunga pamndandanda mpaka tsikulo.

Tsatirani katundu mmodzi mpaka ndalama yomaliza

Masabata awiri oyamba musapereke maganizo. Yendani ndi ogwira ntchito, onani, werengani. Muhammad Yunus, mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite, asanabwereketse ndalama kwa aliyense mu 1976, anayamba wayenda ndi ophunzira ake m'mudzi wa Jobra ku Bangladesh n'kulemba mayina a anthu 42 omwe ndalama zimene ankafuna, kuziphatikiza zonse, zinangokwana madola 27. Grameen Bank ya mu 1983, banki yake yobwereketsa osauka ngongole zing'onozing'ono, ndi mphoto ya Nobel ya mu 2006 zinabwera pambuyo pa mndandanda umenewo.

Sankhani katundu mmodzi, tinene nyale ya sola yogulitsidwa molipira pang'onopang'ono, ndipo muitsatire kuchoka mosungira katundu mpaka kwa kasitomala, kenako mutsatire ndalama zake pobwerera. Lembani dzanja lililonse limene yadutsamo, pepala lililonse limene lasainidwa, ndi masiku amene yakhala pamalo amodzi. Mukatero chitani masamu a nyale imodziyo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma kachitidwe kake n'komweko. Nyale ikugulitsidwa pa 100. Kuigula ndi kuilowetsa m'dziko ndi 55, kuinyamula ndi 5, komishoni ya ejenti ndi 10, nyale zowonongeka zofunika kusintha zikudya 4 pa nyale iliyonse, ndipo osamaliza kulipira akudya 8. Zonse pamodzi ndi 82, kutsala 18. Ngati lendi, malipiro ndi zina zolipiridwa mwezi ndi mwezi zikukwana 9,000, bizinesiyo iyenera kugulitsa nyale 500 pamwezi kuti ingofika posaluza.

Tsopano taonani maganizo amene pafupifupi gulu lililonse la ophunzira limabwera nawo: titsitse mtengo kuti osauka akwanitse. Tsitsani kufika pa 90. Komishoni itsika kufika pa 9, zina zonse zili pomwepo, ndiye zotuluka ndi 81, kutsala 9. Nyale zofunika kugulitsa pamwezi zakwera kufika pa 1,000. Mwatsitsa mtengo ndi 10 pa 100 iliyonse, ntchito ya ejenti yawirikiza kawiri. Mwini bizinesi akamakana kutsitsa mtengo si kuti ndi wouma mtima. Masamuwa anawachita kale.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabisala m'masamuwa. Choyamba ndi ndalama zosaoneka: galimoto yopatsidwa, ofesi yobwerekedwa, mwini bizinesi amene sakudzilipira, ndi inuyo amene mukugwira ntchito kwaulere. Ikani mtengo pa chilichonse mwa izi, muone ngati 18 ija ikutsalabe. Chachiwiri ndi kusiyana kwa phindu ndi ndalama za m'manja. Amene amagulitsa nyale kwa bizinesiyo amafuna ndalama zake lero, kasitomala amalipira miyezi 10. Malonda akamakwera, ndalama zimatsekeka m'ngongole za makasitomala, moti bizinesi imene papepala ikupindula itha kulephera malipiro m'mwezi womwe yagulitsa kwambiri.

Kufunsa anthu osawaika mawu m'kamwa

Apa ndi pamene ntchito zambiri za ophunzira zimawonongekera, ndipo zimawonongeka mwakachetechete, mafomu onse atadzazidwa bwinobwino. Munthu amene mwamufikira pakhomo amafuna kukusangalatsani, ndiponso amaganiza kuti mwina yankho labwino libweretsa thandizo. Mukamufunsa kuti "kodi mungagule chinthu chotere?" ayankha kuti inde. Mukamufunsa kuti "kodi nyaleyi yakuthandizani?" ayankhanso kuti inde. Mayankho otere alibe ntchito.

Funsani zimene zinachitika kale, zokhala ndi tsiku. Dzulo usiku munaunikira chiyani? Munalipira liti komaliza, ndipo ndalamazo zinachokera kuti? Mwezi umene munadumphitsa, ndalama zinapita ku chiyani? Itawonongeka munauza ndani, ndipo anabwera patatha masiku angati? Akayankha, khalani chete pang'ono. Zenizeni zimatuluka pachiganizo chachiwiri.

Kenako pemphani kuti muchione chinthucho. Mungapeze nyale ili m'katoni yake pamwamba pa kabati, pulasitiki yake yosachotsa, ikusungidwira alendo. Mungapeze panelo itakutidwa ndi fumbi lokhuthala moti mutha kulembapo dzina ndi chala, mwini wake akudandaula kuti nyale siikhalitsa moto. Mungapeze chingwe chitadukira pamene chimalowera m'nyale, atachimanga ndi tepi, ndipo pakhomo lachitatu n'kupezanso chodukira pamalo omwewo. Kuona chingwe chachitatucho n'kopindulitsa bizinesi kuposa mafomu 100, chifukwa kukuuzani kuti anthu sakusiya kulipira chifukwa cha umphawi wokha. Munthu salipira chinthu chakufa.

Pa funso limodzi, anthu 15 mpaka 20 ofunsidwa mozama amakwana. Agaweni: asanu olipira bwino, asanu amene anasiya, asanu amene anakana kugula, ndi maejenti atatu. Mayina musankhe nokha pamndandanda wa makasitomala, mwachitsanzo dzina lachikhumi lililonse. Mukasiyira ejenti, akutengerani kwa anzake okhaokha. Pofunsa ejentiyo asakhalepo, ndipo inu musavale tisheti ya kampani, apo ayi anthu aziona ngati mwabwera kudzatolera ngongole. Yambani ndi kunena kuti ndinu wophunzira, simukupereka kanthu, simukulanda kanthu, ndipo ali ndi ufulu wokana kapena kulekezera panjira. Mphindi 30 mpaka 40 zakwana. Muziyenda awiriawiri, wina kufunsa wina kulemba, ndipo zolembazo muzizikonza tsiku lomwelo. Pofika mawa nkhope ndi mayankho zimasakanikirana.

Ngati mukufunanso fomu ya anthu ambiri, iyeseni kaye pa anthu asanu. Funso limene aliyense akuti "mwati bwanji?" lichotseni kapena mulilembenso. Fomu yomasuliridwa ipatseni munthu wina amene sanaone yoyamba aibwezere m'chinenero choyambirira, mufanizitse. Mapulogalamu odzazira mafomu a KoboToolbox ndi ODK amagwira pa foni ngakhale popanda netiweki, mayankho n'kudzatumizidwa pambuyo pake.

Musaiwale kusiyanitsa wolipira, wogwiritsa ntchito, ndi wokonza chikawonongeka, chifukwa kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Nkhani ya PlayPump imaphunzitsa zimenezi. Unali mpope wolumikizidwa ku katungwe wozungulira, woti ana akamasewera madzi azikwera m'thanki, ndipo mu 2006 unalonjezedwa madola oposa 16 miliyoni ochokera ku boma la United States ndi mabungwe ena. Opereka ndalama anaukonda. Koma ana sasewera tsiku lonse, ndipo nthawi imene madzi amafunika kwambiri si nthawi imene ana amasewera. M'malo ambiri amayi ndi amene ankazunguza chitsulocho ndi manja, ndipo ukawonongeka anthu a pamalopo sankatha kuukonza okha monga ankachitira ndi mjigo wamba. Pofika 2010 bungwe limene linkaufalitsa linasiya ntchitoyo.

Kuwerenga zogulitsidwa si kuyeza kusintha

Mwina adzakupemphani kuti muwathandize kuonetsa kuti bizinesi ikusintha miyoyo. Samalani. Chiwerengero cha nyale zogulitsidwa n'chosavuta kupeza. Chiwerengero cha nyale zimene zikuyakabe patatha chaka n'chovutirapo. Kusonyeza kuti ana akukhoza bwino m'kalasi chifukwa cha nyalezo ndi ntchito ya zaka, yofuna gulu lina lofanizira. Rema Hanna, Esther Duflo ndi Michael Greenstone anatsatira mabanja olandira mbaula zochepetsa utsi ku Odisha m'dziko la India kwa zaka zinayi. Chaka choyamba utsi wopumidwa unachepa, koma pambuyo pake kusiyanako kunazimiririka, chifukwa mabanja sankazisamalira ndipo ankazigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Wofufuza wongofika mwezi wachitatu akanalemba kuti zatheka. Ngongole zing'onozing'ono nazonso: kafukufuku wochitika m'maiko asanu ndi limodzi, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, wofalitsidwa pamodzi mu 2015, anapeza kuti zimathandizako pang'ono koma sizitulutsa banja wamba mu umphawi monga ankanenera.

Zimene mungakwanitse m'masabata 12 ndi izi: kusankha zizindikiro ziwiri kapena zitatu zimene ogwira ntchito angathe kumalemba popanda kuwonjezera ulendo, kulemba mmene zinthu zilili lero kuti adzakhale ndi pofanizira, ndi kukonza kafomu kakafupi. Polemba zotsatira, ngati mwafunsa anthu 18 ndipo 12 anena chinthu chimodzi, lembani kuti 12 mwa 18. Mukalemba kuti 67 peresenti, wowerenga aganiza kuti munafunsa mazana. Mawu oti "chifukwa cha" musawagwiritse ntchito pamene mwangoona zinthu ziwiri zikuchitika nthawi imodzi. Ndipo akakuuzani kuti muchulukitse nyale zogulitsidwa ndi chiwerengero cha anthu a m'banja kuti patuluke "miyoyo yosinthidwa", lembani pansi pa nambalayo mmene mwaipezera. Mwini bizinesi akufuna nambala yaikulu yokaonetsa kwa opereka thandizo, ndipo m'pomveka, koma dzina lanu lili pa lipotilo.

Mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu ndi zachinsinsi. Aliyense wofunsidwa mumupatse nambala, mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina muusunge padera, ndipo mu lipoti la kusukulu musalowe dzina. Chithunzi chimafuna chilolezo chonena poyera kumene chikaikidwe. Cha mwana chimafuna chilolezo cha kholo. Kuvomera kujambulidwa si kuvomera kuikidwa pa Instagram yanu.

Maganizo anu ayeseni pang'ono kaye

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti maso atsopano amaona zimene ozolowera anasiya kuona. Kampani ya nyale za sola ya d.light inayambitsidwa ndi Sam Goldman ndi Ned Tozun, omwe anakumana ali ophunzira pa yunivesite ya Stanford. Komabe musananene maganizo anu, funsani ngati anayesedwapo kale. Kawirikawiri anayesedwa, ndipo wosunga katundu kapena dalaivala akuuzani chimene chinawalepheretsa.

Ngati sanayesedwe, musalembe masamba 20 oteteza maganizowo. Ayeseni. Mukuganiza kuti uthenga wa pa foni wokumbutsa tsiku lolipira ungathandize? Tengani makasitomala 40, muwagawe pawiri pochita maere, 20 muwatumizire uthenga masiku awiri tsiku lolipira lisanafike, enawo ayi, ndipo muwerenge olipira pa nthawi yake. Anthu 40 ndi ochepa kuti mutsimikize, koma akwana kukuuzani ngati n'koyenera kuyesa pa 400. Kugawa pochita maereko musakudumphe. Mukasankha nokha, mosazindikira mutumizira uthenga anthu olipira bwino kale.

Amene muli m'magulu opikisana, monga Enactus, yomwe inkatchedwa SIFE kuyambira 1975 mpaka 2012, kapena Hult Prize, dziwani kuti zokondweretsa oweruza ndi zothandiza bizinesi nthawi zina zimasiyana. Oweruza amakonda apu yatsopano. Bizinesi mwina ikungofuna buku la malisiti lokhala ndi manambala otsatizana. Ndipo ngati muli gulu la anthu asanu, mmodzi yekha ndiye azilankhula ndi woyang'anira. Mafoni asanu ofunsa chinthu chimodzi amatopetsa.

Kusiyira otsala

Ntchito yosiyira ena iyambe sabata 8 mwa masabata 12 aja, osati tsiku lotsanzikana. Zinthu zimene ophunzira amapanga zimafa m'njira zodziwika: fomu inatsegulidwa ndi imelo ya wophunzira, pasiwedi yapita naye; tebulo la mu Excel lili ndi mafomula amene anawamvetsa ndi iye yekha; pulogalamu inali yaulere kwa masiku 30 okha; webusaiti yatha chaka ndipo palibe akudziwa kolipira. Choncho kuyambira tsiku loyamba akaunti iliyonse itsegulidwe ndi imelo ya bizinesi, ndipo mumange pa zimene akugwiritsa kale ntchito. Ngati amalemba m'kope, konzani kopelo. Ngati amatumizirana malipoti pa WhatsApp, fomu yanu ikhale yoti itha kulembedwa pa WhatsApp.

Pezani munthu amene adzatenge ntchitoyo, osati mwini bizinesi, koma amene azidzaigwira Lolemba lililonse. Mukhazikeni pa kompyuta, inu manja kumbuyo. Achite yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akutsatira malangizo a tsamba limodzi amene mwalemba. Paliponse pamene waima n'kukuyang'anani, malangizowo ali ndi bowo, konzani pomwepo. Bwerezani sabata yotsatira, kenako yotsatiranso inu mulibe m'chipindamo.

Malipoti akhale awiri. La kusukulu likhale monga lekichala akufunira. La bizinesi lisapitirire masamba awiri: funso lija, yankho, umboni wake, ndi zinthu zitatu zoti achite, chilichonse chili ndi mtengo wake ndi dzina la woti achichite. Ngati mwapeza zowawa, monga ejenti amene akutolera ndalama osalemba lisiti, kapena katundu amene ambiri anasiya kumugwiritsa ntchito, uzani woyang'anira wanu muli awiri, tsiku lofotokoza pagulu lisanafike. Nenani zimene munaona, tsiku ndi malo, osaweruza munthu. Mwini bizinesi akamva zimenezi koyamba pamaso pa lekichala ndi antchito ake, amayamba kudziteteza, ndipo zonse zimene mwapeza zimathera pomwepo.

Lembaninso zimene simunamalize, ndi malonjezo onse amene munapanga kumadera. Ngati munauza kasitomala nambala 14 kuti chingwe chake chisinthidwa, lembani zimenezo pamndandanda, mupereke m'manja mwa munthu wodziwika, ndipo mufunse tsiku limene apiteko. Mafayilo onse muwaike mu foda imodzi ya bizinesi, mayina ndi zithunzi za makasitomala muzifufute mu foni ndi laputopu yanu, ndipo pasiwedi aisinthe inu muli pomwepo. Pakatha masabata anayi tumizani uthenga umodzi kwa munthu munamukhazika pa kompyuta uja, mumufunse tsiku limene anadzaza tebulolo komaliza.